Kodi "charge" ndi kutchaja foni basi?

Ndalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena amene akukonzekera mayeso a MSCE. Akuti: "Achimwene, mawu oti charge akundizunguza mutu. Ine ndimangodziwa kutchaja foni, koma ndawerenga pena kuti the elephant charged, penanso kuti he was charged with theft. Ndi mawu amodzi omwewa?"

Eya achemwali, ndi amodzi omwewo, ndipo nkhani yonse yagona pa katundu. Angelezi mawuwa anachita kubwereka ku Chifalansa chakale, komwe ankatanthauza kupakira katundu, ndipo mukawatsata mpaka ku Chilatini mukapeza carrus, imene inali ngolo. Car, cargo ndi carry ndi abale ake enieni, mimba imodzi. Ndiye mukangogwira zoti charge ndi kusenzetsa, zambirizo zizibwera zokha.

Foni ija mukuipakira moto mu batire. Wakabaza akakutchajani mtengo wokwera poti kukugwa mvula, wakusenzetsani zoti mulipire, n'chimodzimodzi ma bank charges aja amatidula mwakachetechete tikangotapa ndalama. Free of charge ndiye ulele.

Pomwe ndikufuna muchenjere ndi kupolisi, chifukwa apa ambiri timaphonya, ngakhale anthu ophunzira bwino. He was charged with theft sizikutanthauza kuti munthuyo wapezeka wolakwa ayi, angomutsegulira mlandu wakuba, amusenzetsa kuti akayankhe kukhoti, ndipo khotilo likhoza kumumasula. Akapezeka wolakwa timati convicted. Komanso yang'anitsitsani kamawu kotsatirako: charged with ndi mlandu, charged for ndi ndalama. They charged me for parking, andilipiritsa poimika galimoto. Mukasinthanitsa timawu tiwiriti pamayeso malikisi apita.

Udindonso ndi katundu. N'chifukwa chake kuchipatala chaching'ono kumudzi mumamva anthu akuti dikirani a in-charge, kupolisinso kuli Officer in Charge. Koma taonani kuvuta kwa Chingelezi: the nurse is in charge of the children ndiye kuti nesi ndi amene akuyang'anira ana, pomwe the children are in the charge of the nurse ndiye kuti anawo ali m'manja mwa nesi. Kangolowapo ka the kamodzi basi, woyang'anira ndi woyang'aniridwa asinthana malo m'chiganizo.

Ya njovuyo ingoilowezani payokha, musavutike kuyigwirizanitsa ndi ngolo. Ndi kuthamangira munthu kapena chinthu mwaukali ndi cholinga chomugunda, monga imachitira njovu ya mwana ku Liwonde mukayiyandikira kwambiri, kaya asilikali akamathamangira adani.

Mwina simunafunse za discharge koma ndi mawu omwewa atatembenuzidwa, kutsitsa katundu uja. Batire ikamatha moto ikupanga discharge, ndipo wodwala akamutulutsa m'chipatala, paja timangoti amudisitchaja.