Musakatenge kaye kamphakako, achemwali

Achemwali, mukufuna kutenga kamphaka pamene mphaka wanu akudwala, koma chonde musakatenge kaye. Wanuyo akuyetsemula, maso ali manthongo okhaokha, ndiye mulowetse kakhanda m'nyumba momwemo? Ine ndinachita zimenezo chaka chatha mu June ndipo mpaka lero mwana wanga sandikhululukira.

Ife timakhala ku Chinamwali. Chona wathu wamkulu anali atayamba chimfine, tikungoti ndi chiperoni, mukudziwa mmene Zomba imazizirira nthawi imeneyo. Kenako alamu anga atulukira kuchokera ku Songani ndi kamphaka m'katoni ya sopo, akuti kathandize kugwira makoswe amene amaboola matumba a chimanga. Kamphaka ka masabata 7 kagwire khoswe! Ndinawauza kuti wamkuluyu sali bwino, iwo amvekere "mphaka safa ndi chimfine, mlamu." Ndinangokhala chete poopa kuoneka wosayamika. Mbale imodzi, chiguduli chimodzi pafupi ndi mbaula.

Patangotha masiku 4 kanayamba kuyetsemula. Tsiku lachisanu ndi chimodzi maso anamatana, mamina ali mbwee, dovu likungotsika. Nditakatsegula kukamwa ndinapeza zilonda pa lilime. Bonya kanakana, mkaka kanakana, kamangofika pambale n'kubwerera chifukwa mphuno zikatsekeka mphaka samva fungo, ndipo chakudya chimene sakuchinunkhiza sachidya. Usiku umene sindidzauiwala magetsi anali atazima. Ndinali ndi tochi ya pafoni, mtsikana wanga wa Sitandade 3 atakafungatira m'chitenje, kakupuma ndi pakamwa ngati kakutsamwa. Amayi ena apaneba, amene amadziwa chilichonse pa dziko lino, analowa atamva mwana akulira. "Kapatseni Panado, kagawo kakang'ono, ine ndimapatsa nkhuku zanga." Ndinaswa piritsi, ndinasungunula m'supuni, ndinakamwetsa ndi dzanja langali. Kusanache nkhope inali itatupa, timapazi tatupa, nkhama zasanduka zoderako ngati dothi. Ndinaimbira wa njinga yamoto 5 koloko kuti atithamangitsire kwa dokotala wa ziweto, koma kanatifera m'manja tisanawoloke ngakhale msewu waukulu.

Adokotala atamva za Panado anangogwira m'mutu. Paracetamol, mankhwala amene ali mu Panado, ndi poizoni kwa mphaka, chiwindi chake sichitha kumugaya, ndipo amawononga magazi moti amalephera kunyamula mpweya. Ngakhale kachidutswa. Amayi aja nditawauza anati, "Ayi, kanali kofaifa kale." Pepani sanamunene mpaka lero, koma moni amandipatsa pampopi ngati palibe chinachitika. Alamu nawo anangoti adzabweretsa kena, ngati ndi mbale yasweka. Anthu amene sanagonepo pansi usiku wonse ndi chiweto chodwala amakhala ndi malangizo ambiri zedi.

Zimene ndinaphunzira kwa adokotalawo ndi izi. Chimfine cha amphaka chimabwera makamaka ndi tizilombo tiwiri, herpesvirus ndi calicivirus. Kwa munthu sitipita, koma kwa mphaka mnzake timadutsa m'mamina, m'malovu, pambale, ngakhale pamanja panu. Wamkulu amapirira, kakhanda kopanda katemera ndiye kamagwa. Choipa n'chakuti herpes satuluka m'thupi, amangobisala, ndipo amadzuka mphaka akasokonezeka mtima, monga mlendo akalowa m'nyumba. Ndiye musamati poti wasiya kuyetsemula wachira basi.

Choyamba mupite naye wanuyo kwa adokotala akamuone, mudziwe kuti ndi chiyani. Akakhala wosanza ndi kutsegula m'mimba, mwina ndi matenda ena a amphaka otchedwa panleukopenia, ndipo kachilombo kake kamatha kukhala pansi chaka chathunthu, pamenepo muiwale zakamphaka kopanda katemera. Ubweya ukamathothoka mozungulira ngati ndalama ndi chipere, chimenecho chimagwiranso ana anu. Kakang'onoko kabayidwe katemera kakakwana masabata 8 kapena 9, wachiwiri patatha masabata 3 kapena 4, wa chiwewe pa miyezi 3. Kakabwera kakhale chipinda chakechake masabata 2 osachepera, mbale yake, mchenga wake wodzithandizira, chiguduli chake. Pansi ndi mbale muzitsuka ndi Jik, kapu imodzi m'makapu 32 a madzi, kenako mutsukuluze bwino. Muziyamba kusamala kakang'onoko, wodwalayo pomaliza, n'kusamba m'manja ndi sopo.

Komatu ndisakunamizeni, ine ndinatenganso kena mu September, ndinakatola kakulira m'ngalande kumsika wa Mpondabwino. Masabata 2 aja sindinakwanitse, nyumba yathu ndi ya zipinda ziwiri ndipo ana anatsegula chitseko tsiku lachitatu. Kanayetsemula pang'ono, ndinakapukuta m'maso ndi madzi ofunda othira mchere pang'ono, ndinakatenthetsera usipa kuti fungo limveke, kanadya. Lero akugona mopanikizana pampando wa abambo awo a ana. Ndiye ngati kamphaka kanuko kali panja pozizira ndipo palibe wina wokasunga, katengeni, musakasiye kadyedwe ndi agalu. Koma Panado yekhayo ayi, ngakhale atabwera ndani kudzakuuzani.