Zilumba za Maleri: paki yopanda njovu imateteza chiyani?

Aphunzitsi ena a ku Mchinji anditumizira imelo sabata yatha. Akuti ana a sitandade 7 awapanikiza: ngati zilumba za Maleri zili paki, muli nyama zanji poti njovu ndi njati mulibe? Akufunsanso ngati n'koyenera kupita nawo anawo kumeneko.

Aphunzitsi, anawo sanalakwe. Ife kuno ku Kasungu tikamva za paki timaona njovu zikumwa madzi padamu la Lifupa, kapena zitathyola mpanda usiku kukadya chimanga cha eni. Paki ya kunyanjayi chuma chake chili pansi pa madzi.

Zilumbazi n'zitatu: Maleri, chachikulu pa zonse, Nankoma, ndi kakang'ono kotchedwa Nakantenga. Zili ku Salima, kufupi ndi Senga Bay, koma ndi gawo la Lake Malawi National Park yomwe mbali yake yaikulu ili ku Cape Maclear ku Mangochi, komwe kuli zilumba zina monga Domwe, Thumbi ndi Mumbo. Boma linakhazikitsa pakiyi mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse. Chifukwa chake chachikulu ndi tinsomba ta mbuna.

Ine ndinakhulupirira nditaona ndekha. Ndinavala magalasi oonera m'madzi, n'kumiza nkhope pambali pa thanthwe, mwendo ukunjenjemera poti ife akumtunda kusambira n'kwa apo ndi apo. Tinsomba ta buluu ta mizere yakuda, tina tachikasu, tosaposa chikhatho, tinkapala ndere pamwala ngati mbuzi zikubudula msipu. Yamphongo imodzi inali ndi kamphako kake, ina ikangoyandikira imathamangitsidwa. Yaikazi imasunga mazira m'kamwa mpaka ataswa.

Apa ndi pamene muwafotokozere bwino ana. Mbuna sizikonda kuchoka pa miyala. Mchenga wautali kapena madzi akuya kwa izo ndi mpanda. Ndiye za pa chilumba china zakhala pazokha kwa zaka zosawerengeka mpaka kusiyana mtundu ndi za pa chilumba china, ndipo ilipo mitundu yopezeka pamalo amodzi okha padziko lonse. Khoka likakokolola pamalo otero, kulibe kwina kokatenga mbewu. N'chifukwa chake kupha nsomba n'koletsedwa m'madzi a mamita 100 kuchokera m'mphepete mwa zilumbazi.

Mdani wina sabwera pa bwato. Mtsinje wa Linthipe umathira m'nyanja chapafupi pomwepo, ndipo dzinja umabwera ndi dothi lokokoloka m'minda ya ku Dedza ndi Lilongwe. Matope akakuta miyala, ndere siimera bwino, mbuna n'kusowa chakudya. Olima m'mphepete mwa Bua sitingaloze chala anzathuwo.

Kumtunda kwa zilumbazi nako si kopanda kanthu. Kuli milambe, ng'azi zoothera dzuwa pa matanthwe, akatumbu mukachita mwayi, ndi nkhwazi zomwe kulira kwake kumakudzutsani mbandakucha.

Za ulendo, pitani nawo ndithu. Kuchokera ku Mchinji mudzera ku Lilongwe n'kutsika msewu wa Salima. Koma pewani miyezi ya Juni ndi Julaye pomwe mwera umavuta, ndipo mwana aliyense asakwere boti asanavale jekete yoyandamitsa, ngakhale woyendetsa atanena kuti nyanja ili bata. Magalasi aja mubwereke angapo, ana azisinthana.