Musayiyatse kaye Marantz ya agogoyo

Achimwene, mwati agogo anakusiyirani wailesi yokhala ndi ampulifaya ya Marantz 2270 ndi choimbira mbale cha Thorens TD 160, zakhala mu sitolo kunyumba zaka zoposa 20, ndiye mukufunsa ngati muziyatse kapena muzigulitse. Chonde pulagi isayandikire soketi kaye.

Yambani mwayang'ana kumbuyo, pamene alemba za magetsi. Ma 2270 ambiri anapangidwira msika wa ku America, kumene magetsi ndi 120V, pomwe athu kuno ndi 230V. Ngati yanu ilibe posinthira, mukangoilumikiza mumva fungo la chopserera, ndipo thiransifoma ya mkatimo simungaipeze m'sitolo iliyonse ya ku Limbe kapena Malangalanga. Marantz yoteroyo imafuna step-down (chotsitsira mphamvu ya magetsi) yamphamvu bwino, osati tija tochajira foni.

Ngakhale magetsi atagwirizana, vuto lina ndi ma capacitor, tizigawo tamkati tosunga magetsi. Marantz 2270 inayamba kutuluka mu 1971, ndipo mkati mwa tizigawo timeneti muli madzi amene amauma ndi zaka. Ine yanga yoyamba ndinaiwononga chifukwa cha phuma. Inaimba mphindi zochepa mokoma kwambiri, kenaka phuu, utsi, sipika imodzi n'kupitira limodzi. Mmisiri wodziwa ntchito amaiyatsa kudzera pa babu lakale lija la waya, kuti ngati muli shoti babulo liwale kwambiri m'malo mopsereza zida. Mmisiri amene sakudziwa zimenezi, mutsanzikeni mwaulemu. Tsegulaninso chivindikiro muone ngati mphemvu ndi makoswe sanamangemo mudzi.

Thorens ndi yofatsa koma ili ndi kake. Injini yake imatsata ma Hz a magetsi, kutanthauza liwiro limene magetsiwo amasinthasinthira. Ikakhala yopangidwira 60Hz, kuno kwa 50Hz iziyenda mochedwa, woimba aliyense azimveka ngati wangodzuka kumene, ndipo step-down sithandiza pamenepo, pamafunika kusintha kapule kamene lamba amazungulirapo. Lambayo ayenera kuti anafutuka kale. Singano gulani yatsopano, yakutha imadya mbale.

Zogulitsazo ndinene mosabisa. Kunja anthu amaifuna kwambiri 2270, makamaka ikakhala ndi bokosi lake lathabwa ndipo nkhope yake ilibe zokanda. Koma imalemera kwambiri, kuitumiza ku London kapena Johannesburg kudya gawo lalikulu la phindu, ndipo kuno ambiri akakuuzani mtengo wa gumbagumba wamba. Aliyense amene akuthamangira ku inbox kwanu pano kuti "ndi chakale ichi, ndikupatseni kangachepe" akudziwa bwino lomwe chimene muli nacho.

Ndikanakhala ine ndikanaisunga. Mawati 70 mbali iliyonse ndi okwanira pabalaza, ndipo timagetsi take tabuluu tikayaka usiku mudzamvetsa chifukwa chake agogo sankalola mwana kuigwira. Muzingoizula ku khoma magetsi akathima komanso nthawi ya ziphaliwali. Tijambulireni chithunzi cha kumbuyoko tione kuti alembapo chiyani.