Tektronix 465 ikuyaka koma mzere suoneka: muyambire pati?

Owerenga ena atilembera imelo yofunsa motere: "Ndagula oscilloscope yakale ya Tektronix 465 imene inakhala zaka zambiri osagwira ntchito. Ndikayatsa, fani imazungulira koma pa sikirini sipatuluka mzere. Anzanga akuti ndisinthe makapasita onse. Ndiyambire pati, nanga buku lake ndingalipeze kuti?"

Mwagula chida chabwino choonetsera mafunde a magetsi pa sikirini. 465 inatuluka mu 1972, imaona mafunde mpaka 100 MHz pa matchanelo awiri, ndipo anaipanga kuti izitheka kukonzedwa, n'chifukwa chake ma transistor ambiri anangowalowetsa m'masoketi osawotcherera. Koma maganizo a anzanuwo muwaike kaye pambali. Mukasintha makapasita onse musanayeze kalikonse, mudzawonjezera mavuto atsopano pamwamba pa lakalelo, ndipo simudzadziwanso kuti linali liti.

Choyamba ndi buku. Pali buku la wogwiritsa ntchito ndi buku la wokonza, lotchedwa service manual. Inu mukufuna lachiwirili, chifukwa ndimo muli ma schematic (zojambula zoonetsa mmene zipangizo za mkati zalumikizidwira), mndandanda wa zipangizo ndi mavoteji oyenera kupezeka pamalo aliwonse. Musanasake, werengani serial number ya makina anu. Ikayamba ndi B ndiye kuti anapangira ku Beaverton, m'chigawo cha Oregon ku America. Makina a B250000 kupita m'tsogolo ali ndi buku lawolawo chifukwa mkati anasinthamo zina, ndipo 465B ndi makina enanso, buku lake silikuthandizani. Mabuku a Tektronix ali ndi nambala yoyamba ndi 070, choncho posaka lembani 465 service manual 070. Mungawapeze kwaulere pa mawebusaiti a TekWiki, Internet Archive kapena BAMA, ndipo mukakanika, gulu la TekScopes pa groups.io lili ndi anthu amene akonza makinawa kwa zaka zambiri. Tsitsani makope awiri ochokera malo osiyana. M'buku lenileni ma schematic anali mapepala aatali opinda, ndiye ojambula ena anawadula pakati, ena anawajambula mosaoneka bwino moti 3 ndi 8 sizisiyana. Tsamba la power supply mulisindikize pa pepala la A3 kuti muzilembapo zimene mwayeza.

Makinawo ali ndi posankhira 115 V kapena 230 V. Tsimikizani kuti pali pa 230 V, ndipo fyuzi ikhale ya mlingo womwe buku lanena. Ya 115 V ndi yaikulu kawiri, singakutetezeni. Ulendo wina mukamayatsa, lumikizani babu lakale la waya la 100 W pa waya wa live, magetsi adutse m'babumo asanafike ku makina. Likathwanima kenako n'kuzilala, zili bwino. Likapitiriza kuwala kwambiri, mkati muli shoti, zimitsani. Babu la LED silingagwire ntchito imeneyi.

Musanatsegule, yesani mabatani. INTENSITY ikhale pakati, TRIG MODE pa AUTO, VERT MODE pa CH 1, kaswichi ka AC-GND-DC pa GND, kenako dinani BEAM FINDER osasiya. Kakaoneka kadontho kapena kamzere, chubu cha sikirini (CRT) ndi magetsi ake amphamvu ali moyo, mzere wangokankhidwira kunja kwa sikirini.

Kaya kaoneka kaya ayi, chotsatira ndi magetsi a mkati, ndipo apa ndi pamene mavuto ambiri a 465 amabisala. Muli +110 V, +55 V, +15 V, +5 V ndi -8 V. Zulani pulagi, dikirani makapasita atsike, ikani mita pa ohms ndipo yezani kuchokera pa test point (malo oyezera) ya mzere wa voteji uliwonse kupita ku chitsulo cha thupi la makina. Pamene mita yawerenga pafupi ndi ziro, kawirikawiri wolakwa ndi kapasita ya tantalum, timikanda tija tamitundumitundu ta miyendo iwiri tomwazikana pa mabolodi onse. Tikakalamba timachita shoti, nthawi zina osada n'komwe. Schematic ikuonetsani kuti ndi titi tili pa mzere umenewo. Dzutsani mwendo umodzi wa kalikonse mpaka shotiyo itachoka. Posintha, ma microfarad akhale omwewo koma voteji ikhale yokwererapo, monga ya 35 V pa mzere wa +15 V. Samalani apa: pa tantalum chizindikiro chimasonyeza mwendo wa +, pamene pa kapasita ya aluminiyamu mzere wa m'mbali umasonyeza wa -. Mukatembenuza imaphulika.

Shoti ikapanda kupezeka, yatsani muyeze mavoteji, kuyambira +55 V. Mizere inayo imatengera muyeso wake pa umenewu, choncho ukalakwika yonse imaoneka yolakwika. Koma musathamangire kupotokola ka trimmer kake, kosinthira votejiyo. Ngati uli m'malire amene buku lalola, usiyeni, chifukwa mukaugwedeza calibration ya makina onse imasuntha. Kenako ikani mita pa AC muone ngati pa mizereyo pali kugwedera. Mzere wotsika komanso wogwedera umaloza ku makapasita aakulu a zitini amene auma, kapena ku bridge rectifier yakufa mbali imodzi. Amenewo ndiwo musinthe, ndi atsopano a 105 °C.

Za chubu, musachite nazo masewera. Pa cathode pamakhala pafupifupi -2,450 V, ndipo waya wonenepa wopita kumbali kwa chubu umanyamula oposa 10,000 V, omwe amatsalira ngakhale mutazimitsa. Mita wamba imathera pa 1,000 V, motero popanda probe ya high voltage musayezeko. Phini ya earth pa pulagi musaidule.

Mzere ukabwerera koma ukudumphadumpha mukatembenuza VOLTS/DIV, maswichi ada. Timilomo take n'topakidwa golide wopyapyala: dulani kapepala koyera, kanyowetseni ndi isopropyl alcohol, kalowetseni pansi pa kamlomo, tsekani swichi n'kukakoka pang'onopang'ono. Sandipepa ndi mankhwala opopera a mafuta amawononga bolodi la maswichiwa. Ma transistor a m'masoketi muwazule n'kuwabwezera limodzilimodzi. Pa manambala a zipangizo a Tektronix, oyamba ndi 151 ndi ma transistor, 152 ndi ma diode, 156 ndi ma IC wamba, ndipo ambiri ali ndi olowa m'malo ogulika lero. A 155 ankapanga a Tektronix okha, kawirikawiri amapezeka pochotsa m'makina ena akufa.

Poyesa ntchito yanu, gwiritsani CALIBRATOR ya kutsogolo, imene imatulutsa 300 mV pa 1 kHz kapena kuyandikira apo. Ndi waya wolunjika kapena probe ya 1X, pa 50 mV/DIV ndi 0.5 ms/DIV, funde la makona liyenera kutalika mabokosi 6, ndipo lililonse litenge mabokosi awiri m'litali. Tchanelo chimodzi chikakhoza china n'kuphonya, vuto lili mu attenuator (yochepetsa funde) kapena preamplifier (yolikulitsa) ya chophonyacho, ndipo chabwinocho chikhale choyerekezera mavoteji malo ndi malo.