Katemera wa ku Cuba wa khansa ya m'mapapo: yankho kwa mayi amene anandilembera

Mayi wina wanditumizira imelo. Bambo ake awapeza ndi khansa ya m'mapapo atamwa mankhwala a TB kwa miyezi ingapo koma chifuwa osasiya. Akufunsa kuti: "Ndaona pa Facebook kuti ku Cuba kuli katemera wochiza khansa imeneyi. N'zoona? Tigulitse munda?"

Mayi, pepani ndi matendawa. Katemerayo alipodi. Dzina lake ndi CIMAvax-EGF, anapangidwa ku Havana, ndipo dziko la Cuba linamuvomereza mu 2008. Koma sali ngati katemera wa chikuku amene timabayitsa ana kuti asadwale. Uyu amabaya munthu wodwala kale, akamaliza chemotherapy (mankhwala amphamvu opha maselo a khansa), kuti chitetezo cha m'thupi chigwire EGF, puloteni imene imathandiza maselo a khansa kuchulukana. Khansayo imakhala ngati chimanga chosowa feteleza: siiuma, imangokula monyentchera. Pa kafukufuku amene zotsatira zake zinatuluka mu 2016, odwala amene anabayidwa mokwanira ankakhala ndi moyo miyezi pafupifupi 12, pamene osabayidwa miyezi 9. Kwa banja limene likudwazika kholo, miyezi itatu si yochepa. Koma kumeneko si kuchira, ndiye munda wokhawo musagulitse.

Ndalimba mtima kunena choncho chifukwa akatemera ena anapereka chiyembekezo chotere, kenako n'kugwa. Wa MAGE-A3 anamuyesa pa anthu oposa 2,000, ndipo mu 2014 kafukufukuyo anaimitsidwa zitaoneka kuti sakuthandiza.

Kumene zinthu zasinthadi ndi ku mankhwala a immunotherapy monga pembrolizumab. Khansa ili ndi kachenjerero kake: imagwiritsa ntchito puloteni ya PD-L1 kugoneka asilikali a m'thupi, ndipo mankhwalawa amawadzutsa. Pa kafukufuku wa KEYNOTE-024, mwa odwala 100 alionse olandira mankhwalawa, pafupifupi 32 anali adakali moyo patatha zaka 5, pamene kwa oyambira pa chemotherapy anali 16. Komabe onsewa anali a khansa ya mtundu wa non-small cell, okhala ndi PD-L1 yochuluka. Mankhwalawa ndi odula zedi, ndipo ena amawatupitsa mapapo kapena matumbo.

Mukapitanso kwa adokotala, afunseni kuti khansa ya bambo ndi ya mtundu uti, yafalikira mpaka pati, ndiponso ngati kanyama kamene madokotala amadula pa chotupacho popima khansa kangayezedwe PD-L1. Za ululu ndi befu muzinenenso tsiku lomwelo, chifukwa mankhwala ake alipo ndipo bambo asamagone akubuula.