Kwa achemwali aku Chibavi ofuna kuyamba kampani ya anamwino oyendera odwala kunyumba

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena aku Chibavi, ndi namwino, agwira mu wodi zaka zingapo ndiye akufuna kuyamba kakampani koti anamwino aziyendera odwala m'makomo, kutsuka mabala, kusintha catheter, kuyeza BP ndi shuga, kusamalira omwe anadwala sitiroko. Achimwene awo ali ku Johannesburg ati athandiza kapito. Funso lawo ndi loti ayambire pati kuti boma lisadzawatseke.

Achemwali, maganizo anuwa ndi abwino ndipo mu Mzuzu muno anthu akufunadi zimenezi. Munthu akatulutsidwa ku chipatala chachikulu cha Mzuzu Central ali wofa ziwalo mbali imodzi, abale amangomuika pamatilesi pabalaza, ana onse ali ku ntchito, wotsala naye ndi mtsikana wantchito amene sanauzidwepo kuti wodwala wogonera amafunika kumutembenuza maola awiri aliwonse. Ine ndinapitapo kunyumba ina ku Mchengautuwa, agogo anangogona masabata atatu okha koma nditakweza chitenje chilonda chapamchiuno chinali chakuya moti fupa likuoneka, ndipo a pabanjapo amawakonda agogowo, amawathira pachilondapo mankhwala otsukira mkamwa poganiza kuti akuthandiza. Mpaka lero zimandiwawa.

Za mapepala tsopano. Choyamba si kampani ayi, ndi laisensi yanu ku Nurses and Midwives Council of Malawi, bungwe lomwe limayang'anira anamwino pansi pa lamulo la 1995. Ikhale yolipiridwa, ma CPD points (mapointi a maphunziro opitiriza omwe namwino amayenera kusonkhanitsa) ali bwino, ndipo muwalembere kalata kuwauza kuti mukufuna kugwira ntchito panokha ndi zomwe muzichita, akuyankheni polemba, osati pafoni basi. Namwino aliyense amene mudzamulembe ntchito muone laisensi yake ndi maso anu, chithunzi cha pa WhatsApp sichikwana. Mukafuna kukhala ndi chipinda choti odwala azibwera, kapena kugwira ndi clinical officer, pamenepo mwalowa m'manja mwa Medical Council of Malawi, amabwera kudzayendera malowo asanakupatseni chilolezo. Zina zija n'zosavuta, kulembetsa dzina la bizinesi kwa Registrar General, nambala ya msonkho (TPIN) ku MRA, laisensi ya bizinesi ku khonsolo ya mzinda wa Mzuzu, mudzayenda pang'ono koma zimatheka.

Pomwe ndikufuna mumvetsetse ndi pa mankhwala. Kusunga ndi kugulitsa mankhwala ndi nkhani ya PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala m'dziko muno, ndipo laisensi yanu ya unamwino siikusandutsani pharmacy. Abale a odwala adzakukakamizani, "sisita ingomubayani ka jakisoni, ingomuikani dripi, tilipira", ndipo tsiku limenelo renti ya ofesi ikhala isanalipiridwe ndiye mtima udzafuna kuvomera. Kanani. Mupereke zomwe dokotala walemba mu buku la kuchipatala la wodwalayo, basi. Makamaka morphine kwa odwala khansa, ameneyo achokere kuchipatala komwe wodwala akuonedwa ndi a palliative care, omwe amachepetsa ululu kwa odwala matenda osachiritsika, inu ntchito yanu ndi kuonetsetsa kuti akumwa pa nthawi yake komanso kuti sakudzimbidwa, paja morphine amamanga mmimba.

N'chifukwa chake ine ndimati musanagule ndi yunifomu yomwe, pitani mukadziwitse ofesi ya zaumoyo ya boma komanso mugwirizane ndi chipatala chimodzi, kaya St John's kaya kiliniki ya pulaiveti, kuti wodwala wanu akafooka usiku mudziwe komuthamangitsira ndi dokotala womuimbira. Pomweponso mukambirane za zinyalala, masingano apite mu bokosi lake lotayiramo zobaya (safety box), mabandeji amagazi akaotchedwe mu ng'anjo yawo yootchera zinyalala (incinerator), osataya kudzala la kunyumba kwa wodwala komwe ana amaseweretsa chilichonse.

Za antchito, musasakanize namwino ndi wosamalira odwala. Mayi amene mwamuphunzitsa kusambitsa, kudyetsa ndi kutembenuza wodwala ndi wofunika kwambiri, mwinanso kuposa ife chifukwa ndi amene amakhalapo tsiku lonse, koma asavale dzina la unamwino ndipo asagwire singano. Anamwino oti alembedwe alipo ambiri, ma college ngati Ekwendeni, St John's ndi Mzuni akutulutsa chaka ndi chaka ndipo ena akukhala pakhomo kudikira boma, koma amene wangomaliza kumene musamutumize yekha, kunyumba kulibe namwino wamkulu (in-charge) woti amufunse. Apatseni kontilakiti yolembedwa ndipo muziwalipira pa nthawi yake. Komanso akhale odziwa Chitumbuka, agogo akumva ululu sakufotokozerani mu Chichewa, ena mpaka Chitonga kapena Chinkhonde.

Mtengo muuwerengere bwino, transipoti imadya phindu lonse. Nthawi ya mvula yathu ino kupita ku Masasa kapena kumtunda kwa Zolozolo wa njinga yamoto amakweza mtengo, mumafika nsapato zili matope okhaokha, ndiye ngati munatchaja mtengo umodzi mzinda wonse mwaluza kale. Magolovesi, gauze, saline, zonse zilowe mu mtengo. Olipira ambiri adzakhala ana omwe ali ku Joni, ku UK kapena ku Lilongwe, amatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba, azilipira mwezi usanayambe, koma lipoti la wodwala muziwatumizira pokhapokha wodwalayo wavomera, matenda a munthu ndi chinsinsi chake ngakhale kwa mwana amene akulipira.

Ulendo uliwonse ulembedwe mu faelo, tsiku, nthawi, BP, kukula kwa bala, ndani wasaina. Yambani ndi odwala atatu kapena anayi cha ku Chibavi ndi Katawa komweko komwe mungafike wapansi, ndalama za achimwenezo zina muzisunge zikhale malipiro a miyezi yoyamba. A Nurses Council akakuyankhani munditumizire kalatayo tiionere limodzi.