Theka la mu ½kx² limachokera kuti?

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake ntchito yokoka sipuling'i imakhala ½kx² pomwe m'kalasi munaphunzira kuti ntchito ndi F × d, kutanthauza force (mphamvu yokokera kapena kukankhira) kuchulukitsa ndi mtunda womwe chinthu chayenda. Musangoloweza, thekali lili ndi chifukwa chake.

F × d imagwira pokhapokha ngati force yanu sikusintha kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Sipuling'i siitero. Poyamba imalola mosavuta, koma mukamaitalikitsa imayamba makani. Ndilo lamulo la Robert Hooke la mu 1678, F = kx, pomwe k ndi kulimba kwa sipuling'i ndipo x ndi kutalika koonjezereka: x ikawirikiza, force nayo imawirikiza. N'chifukwa chake mizere ya pa sikelo ya mbedza, ija amayezera nyemba mumsika wa Mzuzu, imatalikirana mofanana. Tsono force imayambira pa 0 n'kukathera pa kx, ndipo yapakatikati ndi ½kx. Mukaichulukitsa ndi x mwapeza ½kx². Pa girafu ya F ndi x, ½kx² ndi kukula kwa malo a thirayango ija ili pansi pa mzere.

Yesani nokha. Kolekani sipuling'i pa msomali, mangani botolo lopanda kanthu kumunsi, ndipo lembani chizindikiro pa rula. Thirani madzi 100 ml nthawi iliyonse, popeza amalemera 100 g, pafupifupi 1 N (newton, muyezo wa force). Tinene kuti 200 ml yatalikitsa sipuling'i ndi 4 cm. Ndiye F = 2 N, x = 0.04 m, k = 50 N/m, ndipo energy yosungidwa ndi ½ × 50 × 0.04² = 0.04 J (joule, muyezo wa energy). Samalani pawiri: x ndi kutalika koonjezereka kokha, osati sipuling'i yonse, ndiponso masentimita muwasinthe kukhala mamita musanachulukitse. Mukaiwala, yankho limakula ka 10,000.

Pamene pamasokoneza ngakhale ophunzira anzeru ndi apa. Katundu wa 2 N akatsika 0.04 m wataya energy ya mgh (kulemera kwake kuchulukitsa ndi mtunda womwe watsika) = 0.08 J, koma sipuling'i yasunga 0.04 J yokha. Theka linalo lapita kuti? Ngati mwamutsitsa pang'onopang'ono, dzanja lanu ndilo lalandira thekalo, chifukwa limamuchirikiza njira yonse. Mukangomusiya mwadzidzidzi, saima pa 4 cm. Amapitirira mpaka 8 cm, n'kumadumpha chokwera ndi chotsika, mpaka energy ija itathera mu kutentha ndi kukhudzana ndi mpweya, kenako n'kukhazikika pa 4 cm. Werengerani pa 8 cm muone: mgh ndi 0.16 J, ½kx² nayonso 0.16 J.

Musagwiritse ntchito mphira wa legeni, girafu yake imapindika ndipo ingokusokonezani. Sipuling'inso musaisenzetse mopyola malire ake. Mukachotsa katundu iyo osabwerera pa chizindikiro choyamba, yapunduka, ndipo manambala onse a pambuyo pake ngotaya.